Awemba Aleka Kunditukwana

George, Lusaka
17 Seputembala 1978

Okondedwa Mainess, Amake Ennie,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi moyo, inu ndi Ennie ndi amayi, ndi mbuzi zonse kuphatikizapo yamwano ija yodya zovala pa chingwe. Ine kuno ndili bwino, kunenepa kokha ndiko kwandikana.

Chipinda chapezeka. Chili m'komboni ya George, dzina lachizungu koma fumbi lake ndi lathu lomwe. Chitseko chili ndi loko, denga ndi lamalata, ndipo pamwamba pake asanjikapo miyala ndi tayala la galimoto kuti mphepo isalibwereke. Eni nyumba ndi Awemba, ba Kasoma ndi akazi awo ba Hilda. Kuno aliyense ndi "ba", ngakhale mwamuna wanu wasanduka ba Enos. Ba Kasoma amayendetsa lole, ba Hilda amagulitsa kapenta pa msika.

Za chimbuya munangomva, simunachione. Kuno Mwemba ndi munthu wa kummawa sapatsana ulemu. Ulemu ndi wa alendo. Ife ndi iwo timatukwanana, ndipo wokwiya ndiye wagwa mlandu. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya apusi ndi anyani. Tsiku loyamba ba Hilda anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tsitsi, nati, "Ba Kasoma, mwachita bwino kuleta uyu. Lendi azalipila, na makoswe yonse mu nyumba azadya." Ine ndinati, "Mayi, pobwera ndayang'ana m'mitengo yonse, sindinaone pusi ndi mmodzi yemwe. Ndadziwa kuti mwakhalitsa kuno." Anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kiyi ndinalandira pomwepo.

Ntchito ndi ya kampani yoyala mapaipi a madzi m'komboni muno. Maphunziro a ku koleji aja, amene atate anagulitsira ng'ombe, andifikitsa pogwira nsonga ya tepi ndi kuimika ndodo yopaka zofiira ndi zoyera, wina akusuzumira m'makina. Koma musandinyoze. Popanda ndodo yangayo madzi sadziwa kolowera. Amayi a muno amatitcha "ba manzi", ndipo tikamadutsa amatipatsa munkoyo kuti pompi iyandikire khomo lawo. Timamwa, pompi n'kupita kumene inalembedwa.

Ndatumiza makwacha khumi ndi awiri pa positi. Feteleza choyamba, nsalu pambuyo, osati mosemphanitsa. Denga la nkhokwe likonzedwe mvula isanagwe. Alamu a Nason ndimawaona ku Chawama, ali bwino, akulankhulabe.

Mukatha kubzala ndi kupalira koyamba, konzekani. Khirisimasi ino tidyere pamodzi kuno. Mubwere ndi mphika waukulu uja, nyemba ndi nsinjiro. Sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, kuno timaziona m'maloto ndi kumapeto kwa mzere wautali. Ennie mumuuze kuti atate ake amuonetsa nyumba zosanjikizana.

Ine wanu,
Enos


George, Lusaka
26 Novembala 1978

Amake Ennie,

Moni nonse kumeneko. Musadabwe ndi zilembozi, sindinabwerere ku Giredi Wanu. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'pulasitala. Ndili moyo, ndipo masiku ano m'Lusaka mawu amenewo ndi okwanira.

Ndinagwera m'ngalande ku ntchito. Ngalande za kuno si zamasewera. Inali imodzi yokha, koma inandipeza kumutu, m'nthiti ndi kumsana komwe. Musafunse zambiri. Nsagwada sizikulola nkhani zazitali, ngakhale za pa pepala.

Za ndege za ku Rhodesia munamva pa wayilesi. Mwezi watha zinaponya mabomba pa msasa wina kumpoto kwa tawuni. Ife tinamva nthaka ikugwedezeka, tinaona utsi, kenako magalimoto onyamula ovulala tsiku lonse. Chiyambire pamenepo nyale timazimitsa kukangoda, ndipo aliyense wasanduka wapolisi. Munthu akafunsa njira, asanamuyankhe amayamba amufunsa kwawo.

Akundisunga ndi ba Hilda. Phala amandimwetsa ndi sipuni ngati khanda, uku akunena, "Yasamula, iwe chi Enos. Mbeba nasakila komboni yonse, koma zinathaba pamene zinamvela ati wabwela." Ndikaseka nthiti zimalira. Iwo akudziwa, n'chifukwa chake amachitira dala. Zovala zimene ndinavala tsikulo anachapa okha, ndipo pa zimenezo sananene nthabwala ndi imodzi yomwe.

Khirisimasi musabwere. Misewu ili ndi asilikali ambiri, ndipo ine sindingathe kukunyamulirani katundu. Ndalama mwezi uno ndi theka, kampani imalipira manja awiri. Mugulitse tambala wamkulu uja, wakhala nthawi yaitali akudya osalipira.

Amayi musawauze za dzanja.

Enos


George, Lusaka
21 Januwale 1979

Amake Ennie,

Kalata yanu ndalandira. Ndawerenga zimene munalemba, ndi pamene munakanikiza cholembera mpaka kuboola pepala ndawerengaponso. Ndakondwa kuti Ennie chikuku chamusiya ndi kuti chimanga chamera bwino.

Ndiye alamu a Nason anafika kumudzi ndi pakamwa pawo pomwe. Munthu uja akanakhala wayilesi, bwenzi mabatire osagula. Chabwino. Sindinakunamizeni kwenikweni. Ngalande inalipo, kungoti ndinagweramo pomalizira.

Anali masana, dzuwa lili paliwombo. Anzanga anapita kukadya, ine ndinatsala kuti nditsirize mzere wa kuseri kwa msika. Ndinazika ndodo yanga yofiira ndi yoyera ija, n'kuyang'ana kumwamba kuti ndione ngati mvula itipatsa mpata. Mlandu wanga wonse ndi umenewo, kuzika ndodo yamawanga ndi kuyang'ana kumwamba. Mayi wina anakuwa, "Onani uyu! Alangiza ndeke poponya!" Wina anati, "Kazitape!" Ine ndinaseka, Mainess. Ndinaseka poti nkhope zambiri ndinali kuzidziwa, munkoyo wawo ndinamwapo. Ndinapisa dzanja m'thumba kuti nditulutse reji, chitupa changa cha boma, aone dzina langa ndi la mfumu yathu. Wina anati ndikutulutsa mfuti.

Pamenepo munthu anandigwira chakumbuyo, manja onse awiri, kundipana ngati mbuzi yoti aimange. Ena anayamba ntchito. Njerwa, mpini, nsapato. Mayi wina anandimenya ndi chidebe chopanda kanthu, chomwecho chimene ndinali kuchiyezera madzi. Ululu sindiukumbuka bwino. Chimene chatsala ndi mpweya wa munthu uja m'khosi mwanga, fungo la mowa ndi anyezi, ndi kuti ndinayesetsa kucheuka koma nkhope yake sindinaione.

Anandilanditsa ndi ba Hilda. Anasiya kapenta wawo pa msika, anapyola pakati pa anthu, nadzigwetsa pa ine akukuwa, "Musiyeni! Ni mbuya wanga uyu! Ni kapolo wanga, mwine wake ndine!" Mpini wina unatera pa msana pawo. Tsiku limenelo kutchedwa kapolo kunandikomera kuposa setifiketi.

Akuluakulu a dera lathu anabwera kudzapepesa. Anati ndi nthawi ya nkhondo, anthu anauzidwa kukhala tcheru, ndipo kukhala tcheru ndiko kukonda dziko. Ndiye mukafunsidwa kumudziko, munene kuti mwamuna wanu anamenyedwa ndi chikondi. Palibe amene anamangidwa. Gulu alimanga ndani?

Wondipana uja ndamudziwa, m'komboni chinsinsi chimagona usiku umodzi. Ndi ba Mukupa, wosoka nsapato, ndipo khomo lake ndimaliona ndikaima pa langa.

Pulasitala achotsa. Dzanja lawonda ngati la nkhuku koma likugwira. Sabata yamawa ndibwerera ku ntchito. Zatha, musalirenso. Mukakolola, mu Julayi, mubwere. Ino ndi nthawi yomaliza kukusunthirani tsiku.

Wanu,
Enos


George, Lusaka
22 Epulo 1979

Amake Ennie,

Moni. Ndamva kuti anyani alowa m'munda wa kudambo. Ndauza ba Hilda kuti abale awo akutivutitsa, ati muwatumize kuno ndi mchere womwe. Ine ndili bwino. Adokotala akuti mafupa alumikizana, ndine galimoto yatsopano.

Galimotoyo ili ndi kavuto kamodzi. Sifuna kanthu kumbuyo kwake.

Ku tchalitchi ndasiya benchi ya kwaya, ndimakhala kumapeto, msana kukhoma. Abusa akuyesa kudzichepetsa. Shuga ndi saladi sindikugulanso ndekha, chifukwa mzere, Mainess, ndi chinthu chokhala ndi munthu kumbuyo kwako. Ndinayesa. Ndinaima bwinobwino mpaka bambo wina anandipumira m'khosi. Ndinatuluka pa mzere nditatsala pang'ono kufika pa windo, thukuta lili kamukamu ngati ndathamanga kuchokera ku Katete. Tsopano ba Hilda amaimira nyumba ziwiri, ndipo amati Angoni anathawa nkhondo kalekale, lero akuthawa ndi shuga yemwe.

Ku ntchito zinachitika zochititsa manyazi. Ndinagwada ndi tepi, mnzanga anandigwira phewa kuti andipemphe machesi. Zapakati sindikuzidziwa. Ndinapezeka ndili kuseri kwa chimbudzi cha eni ake, tepi ndataya. Anzanga anaseka tsiku lonse, inenso ndinawathandiza kuseka. Kapitawo wandichotsa pa tepi, wandiika m'kanyumba kosungira zipangizo. Muli makoma anayi ndi khomo limodzi. Iye akuyesa wandilanga.

Ndinapita ku kiliniki. Anandidina m'nthiti, anandiunika m'maso, nati palibe chothyoka. Ndinati chothyoka chilipo koma sindidziwa pochilozera. Mnyamata wa jekete loyera anati, "Mwamuna mukulu so, muyopa chani? Nkhondo ili ku boda." Anandipatsa mapiritsi a mutu. Anati zikapitirira kuli ku Chainama. Dzina limenelo kuno salitchula mokweza. Ukangolowa pa geti paja, ngakhale kukapereka moni, komboni yonse imati wapenga, ndipo ntchito imamva msanga kuposa abale.

Mizu imene amayi anatumiza yafika. Muwathokoze, ndikufukiza monga ananenera, udzudzu wachepa ndithu. Koma muwauze kuti mizimu ya makolo ilibe mlandu, asaphe nkhuku pachabe. Mzimu wondivuta ndimaudziwa. Umasoka nsapato, ndipo m'mawa uliwonse umatsuka mano pakhomo pake.

Pompi ya kuseri kwa msika ija inatsegulidwa. Kunali nyimbo, mbendera ndi zolankhula. Woyamba kutunga anali mayi wa chidebe uja. Ba Mukupa anandipeza nditatsamira khoma, nati, "Ba Enos, muli bwanji? Vija vinasila, ai? Tiyeni tiibaleko. Nsapato zanu zikang'ambika muleta, nizasoka mahala." Ndinati zikomo. Ndinatero ndithu, Mainess, ndi manja awiri. Nditafika kunyumba ndinasanza.

Tulo ndi ta mbalame, koma ndani akugona bwino m'Lusaka muno? Musadandaule. Mwina chimene chikusowa m'chipinda muno ndi phokoso lanu. Ndagula kabulangete ka Ennie ndi mbaula yachiwiri. Julayi ali pomwepo. Mtedza musagulitse wonse, ndipo wa ku sikelo uja mumuyang'anitsitse chala.

Ine,
Enos


George, Lusaka
24 Juni 1979

Mainess,

Moni. M'thupi ndili bwino. Ndikufuna mumve kwa ine alamu asanakwere basi.

A Njobvu, mkulu wa mpingo uja wa ku Petauke, anatisiya. Tinawaika Lachinayi ku Chingwere. Maliro a munthu wa kummawa kuno amayendetsa ndi Awemba, monganso ife timayendetsa awo. Iwo ndiwo amatunga, amaphika, amanyamula bokosi, ndipo amatinyoza kuti tisalire mopitirira. Anali kunena kuti a Njobvu afa ndi njala chifukwa mbewa zakwera mtengo. Ngakhale amasiye anamwetulira. Ndi mankhwala abwino, sindiwanyoza.

Pochoka kumanda ndiye pamakhala chimbuya chenicheni. Amatigwira mmodzimmodzi, kutithira ufa kumutu ndi kumaso mpaka tiyere mbuu, ndipo sakusiya usanaponye kandalama, kangwee kamodzi, m'mbale. Ngakhale abusa amawathira. Ine ndinali kudziwa zonsezi. Kangwee kanga ndinakonzeratu m'dzanja, ndipo ndinakaima kumapeto, msana nditatsamira lole ya ba Kasoma. Ndinaganiza kuti akabwera ndiwaona, ndiweramitsa mutu, zitha.

Koma lole inasuntha kukatenga amayi okalamba, ine maso ali kutsogolo. Kumbuyo kwanga kunatsala mphepo.

Manja awiri anandikulunga, kundipana mikono. Mawu anakuwa m'khutu mwanga, "Namugwila kapolo wanga! Letani unga!" Ndinaona anthu akuthamangira kwa ine, pakamwa pali yasa. Akuti anali kuseka. Ine kuseka sindinakumve. Ndinamva fungo la anyezi, poti munthuyo anakhala akuphikira anamalira kuyambira m'mawa.

Akuti chinayamba ndi chigongono, kenako ndinatembenuka ndi chibakera, ndipo sichinali chimodzi. Ndikuti "akuti" chifukwa ine kunalibe. Ndinali kuseri kwa msika, mu Novembala.

Kenako maso anabwerera. Ba Hilda anali pansi, mbale ya ufa itagudubuka, ufa wa pa chitenje chawo ukusanduka wofiira. Mano awiri akutsogolo anali m'fumbi. Anandiyang'ana, dzanja lili pakamwa, nati, "Enos. Ndine."

Sanatukwane. Akanatukwana bwenzi ndikugona.

Kangwee kaja ndinakapeza m'dzanja momwemo nditafika kunyumba. Kanandicheka chikhatho.

Mlandu ukambidwa sabata ikubwerayi. Musauze amayi. Kapena auzeni, ndatopa kusankha oti adziwe.

Enos


Kalikiliki, Lusaka
29 Julayi 1979

Amake Ennie,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo chimanga chalowa m'nkhokwe. Onani pamwambapo, ndasamuka. Makalata muzitumizabe ku bokosi la ku ntchito kwa ba Kasoma, kuno positi sidziwako.

Mlandu unakambidwa pabwalo la tchalitchi, akulu a kwathu mbali iyi, Awemba mbali iyo. Mkulu wina wa ku Kasama anati chiikire pansi mikondo makolo athu, sanamvepo munthu wa kummawa akukhetsa magazi a mbuya wake chifukwa cha ufa. A kwathu anaweramitsa mitu. Alamu a Nason anati ndachititsa manyazi chigawo chonse, kuyambira pa mlatho wa Luangwa mpaka ku malire. Sindinadziwe kuti dzanja langa ndi lalitali chotero.

Ndipo mukudziwa amene anakhala pa benchi ya oweruza, atavala jekete? Ba Mukupa. Anapukusa mutu mwachisoni, nati, "Muntu wa nkhanza so, mu komboni sitimufuna. Tili na bana." Anthu anavomera. Ine ndinayang'ana nsapato zake. Zinali zopolishidwa bwino.

Anandigamula mbuzi ndi ndalama za kuchipatala. Ba Hilda anaimirira, milomo idakali yotupa, nati mbuzi saifuna. Anati, "Uyu sanali kumenya ine. Bamene anali kumenya muli nabo pamene apa." Palibe anafunsa kuti ndani. Wapampando anati mayi akhale pansi, nkhani ya chaka chatha inatha kale. Ya chaka chatha inatha, Mainess. Yanga yokha ndiyo ili ndi mboni.

Chilango chenicheni sichinatchulidwe pabwalo. Chinayamba m'mawa mwake. Ba Kasoma anandipeza pakhomo, anavula chipewa, nati, "Mwashibukeni, mukwai." Moni wa alendo. Ba Hilda anabweretsa tiyi, anagogoda, anadikira, nati, "Ba Mvula, tiyi yanu." Ba Mvula! Munthu amene chaka chonse wakhala akunditcha chi Enos chodya makoswe. Sakwiya, ayi. Akuopa kundidzidzimutsa, akundiyendera ngati dzira. Ndinayesa ndekha. Ndinati, "Mayi, mano aja musadandaule, nyama ya pusi ndi yofewa." Anayesa kumwetulira, n'kubisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Pa msika Awemba onse akundipatsa ulemu. Ndikamadutsa, amayi amaitana ana awo alowe m'nyumba, mwaulemu.

Ndinapirira masabata angapo, kenako ndinanyamula bulangete.

Ntchito ya mapaipi yatha. Kapitawo anati anthu a muno sakufuna kundiona pafupi ndi mapiki. Kuno ndikuumba njerwa za simenti kwa mwamuna wina, ndekha, pa bwalo loti ukaima umaona mbali zonse. Setifiketi ndayalira pansi pa sutikesi kuti chinyezi chisalowe.

M'tawuni akupaka laimu miyala ndi mitengo, kukubwera alendo akuluakulu a mayiko. Sopo waoneka m'masitolo, ati mpaka alendowo atapita. Ndatumiza mitanda iwiri ndi kondakitala wa basi ya Lachitatu, pamodzi ndi kabulangete ka Ennie.

Tsopano mundimvetse. Musabwere. Sindikusuntha tsiku, ndikulichotsa. Dzanja limene linagwetsa ba Hilda ndi lomwelo lingagone pambali panu, ndipo silindifunsa lisanachite zake. Amene anandichotsa m'manja mwa imfa ndamulipira mano awiri. Inu amene munandibalira mwana ndidzakulipirani chiyani?

Mukafuna kupita kwa ankhoswe, sindikutsutsani. Mbuzi zonse ndi zanu.

Enos


Kalikiliki
9 Seputembala 1979

Kwa Amake Ennie,
kunyumba kwa ba Kasoma, George

Moni. Kalatayi ilibe sitampa, ndapatsira bambo wa makala amene amapalasa njinga mpaka kumeneko. Chiyambire sindinalembepo kalata yopita pafupi chotere.

Simumva, Mainess. Amayi anu anandichenjeza tsiku la ukwati, ine ndinayesa akudzichepetsa. Telegalamu yanu ba Kasoma anabwera nayo okha kuno: TIKUFIKA LACHISANU. Mawu awiri, kuopa kulipira liwu lachitatu. Ndinawauza kuti ndamva. Anandiyang'ana, anapinda chipewa m'manja, napita.

Mukuganiza kuti sindinabwere. Ndinabwera. Ndinasamba, ndinameta, ndinavala shati yoyera ija. Ndinayenda pansi mpaka ku siteshoni ya mabasi ku Kamwala, poti m'minibasi munthu amakhala ndi mawondo a mnzake kumsana. Ndinafika basi isanalowe. Ndinaima tsidya la msewu, pa khoma la sitolo ya mmwenye.

Munatsika wachitatu kuchokera kumapeto. Munavala chitenje chobiriwira cha mapeyala, duku lachikasu limene sindikulidziwa, mphika waukulu uja uli pamutu, miyendo ya nkhuku ikusuzumira m'thumba. Ennie watalika, diresi lamuthawa mawondo. Anafunda kabulangete kake dzuwa lonse lija. Munakangana ndi wonyamula katundu, ndipo munapambana. Kenako munakhala pa thumba la nyemba, kuyang'ana nkhope ya mwamuna aliyense wodutsa.

Pakati pa inu ndi ine panali msewu umodzi ndi anthu. Oitanira basi, amawilibala, ogulitsa mabanzi, onse kukankhana, kugwirana mapewa, kukokana malaya. Ndinachotsa msana pa khoma. Ndinafika m'mphepete mwa msewu. Wina anandikhudza ndi mtolo kumbuyo, ndipo ndinaona dzanja langa lakunga kale chibakera. Ndinabwerera ku khoma. Ndinayesanso, ndi kuyesanso, mpaka mlonda wa sitolo anandifunsa ngati ndikufuna kuba.

Munagulira Ennie banzi. Inu simunadye. Munapukuta maso kamodzi ndi nsonga ya duku, mofulumira, kuti mwana asaone. Ine ndinaona.

Dzuwa litapendeka ndinaona ba Hilda akupyola m'gulu muja monga amachitira, zigongono patsogolo. Sanakuonenipo chibadwire, koma analunjika pa inu. Zimene ananena sindinamve. Ndinangoona akuloza thumba lanu, akugwira mphuno, ndipo ndinadziwa kuti akufunsa ngati mwabweretsa mbewa zouma. Inu munayankha kanthu. Anaseka, Mainess, pakamwa ponse, chitenje osabisira. Mpata wa mano uja ndinauona ndili tsidya la msewu. Anasenza nyemba zanu, ananyamula mwana wanga, inu pambuyo. Anacheuka kamodzi, kuyang'ana ku masitolo. Ndikuganiza kuti anandiona. Sanakuuzeni, eti? Ulemu umenewo.

Ndiye muli m'chipinda changa chakale, ine ndili kuno, ndipo tawuni yonse ili pakati. Chimene munabwerera ndikuchidziwa, mukufuna kuona ndi maso anu ngati mwamuna wanu wapenga. Bwerani mudzaone, muli ndi ufulu. Mwina mudzandiuza, poti ine ndalephera kudziwa. Basi yobwerera kummawa imanyamuka m'mawa uliwonse, ndipo ya tikiti ndasunga. Mudzasankha mutaona.

Lamulungu likubwerali masana ndidzakhala pa bwalo la njerwa, kumapeto kwa Kalikiliki, pafupi ndi damu. Wa makalayu akulongosolerani njira. Palibe mtengo, palibe mpanda, munthu amaoneka akadali kutali. Mudzere njira ya kutsogolo. Ndikakhala nditayang'ana kwina, muime, mukhosomole, mutchule dzina langa, mudikire nditembenuke. Musandigwire ndisanakugwireni. Muchite monga mumachitira ndi ng'ombe ya eni ake.

Ennie mumusiye kwa ba Hilda. Ndinamuona pa siteshoni paja akulumphira pamsana panu mosachenjeza, manja m'khosi, akuseka. Mwana ameneyo amathamanga kwambiri, ndipo sadziwa kukhosomola.

Enos